Zimene zikundikomera masiku ano pophunzitsa ana pakhomo

Amake Tiyamike (Chelstone):
Mwaswera bwanji amayi anzanga ndi azibambo a pagulu lino. Sabata yatha Amake Yankho anandifunsa ngati sinditopa kukhala ndi ana tsiku lonse osawatumiza kusukulu, ndipo ndinalonjeza kuti ndikapeza mpata ndilemba. Lero mvula yoyamba yagwa kuno kwathu ku Lusaka, ana asewera pamvula mpaka atheratu mphamvu, agona msanga. Ndiye mpata wake ndi uno.

Kwa amene mwalowa kumene, ndili ndi ana atatu: Tiyamike wa zaka 10, Mphatso wa zaka 7 ndi Kondwani wa zaka 3. Tinayamba mu Januwale 2024, masukulu atachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mukukumbukira nonse, bwalo la mpira la Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo ana anakhala pakhomo mpaka pa 12 Febuluwale. Ine ndinkangofuna kuti Tiya asaiwale za kusukulu. Nditakhala naye pamphasa ndi buku ndinaona kuti mwana wanga amaloweza tsamba lonse pamtima, koma ndikaloza liwu limodzi pakati pa mzere, zii. Mtima unandipweteka kwambiri. Sindikuwanena aphunzitsi ake, m'kalasi mwawo munali ana ochuluka moti munthu mmodzi sakanatha kuona aliyense. Masukulu atatsegulidwa tinakambirana ndi atate awo kuti tiyese temu imodzi. Temu ija ndi ino tikuyendabe nayo.

Chimene chikundikomera choyamba ndi kope la msika. Ndi kope wamba la mizere, koma mwini wake ndi Tiya. Loweruka lililonse m'mamawa timakwera basi kupita kumsika wa Soweto, iye pensulo kukhutu. Chilichonse chimene ndagula amalemba: tomato, anyezi, impwa, kapenta, nyemba, mtengo wake ndi chenji. Tikafika kunyumba amawerenga tomato mmodzimmodzi, n'kugawa ndalama ija kuti aone mmodzi wagwera zingati, kenako amayerekeza ndi mulu wa pakantemba ka pafupi ndi nyumba. Mwezi watha anandiimitsa pakati pa msika n'kunena kuti, "Amama, uku kwatchipa ndi K6, koma basi yatidyera yoposa pamenepo. Tizigula zambiri kamodzi." Mayi wogulitsa uja anaseka mpaka kumuwonjezera mbasela ya tomato atatu. Kugawa kumene ankalira nako m'buku wakudziwira pa tomato.

Chachiwiri ndi dimba la m'matumba. Pabwalo pathu m'pang'ono, ndiye tinathira dothi ndi manyowa a nkhuku m'matumba akale a ufa a 25 kg, asanu ndi limodzi. Muli repu, chibwabwa ndi kalembula. Mphatso ndiye amathirira ndi madzi otsukira mpunga, ndipo Lolemba lililonse amayeza ndi rula kutalika kwa mbewu iliyonse.

Koma chenicheni chimene chandichititsa kulemba ndi apongozi anga. Ambuya awo a ana anabwera kuchokera ku Katete chaka chatha kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo tinawapempha kuti akhale. Nthawi imeneyo magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse chifukwa cha chilala. TV zii, foni yopanda moto. Tikadya nsima tinkayala mphasa panja, mbaula ili pakati, ambuya n'kuyamba: "Padangokhala!" Usiku woyamba ana anangowayang'ana, sankadziwa n'komwe kuti amayankha kuti "Tili tonse." Ndinachita manyazi ndi chisoni pamodzi, chifukwa ine ndinakulira zimenezi koma sindinawapatse ana anga. Lero Kondwani, amene ambiri mwa mawu ake sanakhwime, ndiye amayamba kukuwa "Tili tonse" ambuya asanamalize n'komwe.

Usiku wina anasimba ya nyama zimene zinakumba chitsime m'chaka cha chilala, Kalulu n'kukana kukumba nawo koma kumadzaba madzi usiku, mpaka Fulu anamugwira. Itatha nthano Tiya anafunsa kuti, "Nanga magetsi akugwirizana bwanji ndi mvula?" M'mawa mwake phunziro linali lomwelo. Tinapeza Zambezi pamapu, tinapeza damu la Kariba kumene amapanga magetsi, ndinamuuza kuti damulo linatha kumangidwa mu 1959 ndipo timagawana ndi Zimbabwe. Atate ake anabaya zitsekerero za mabotolo pawaya kupanga kagudumu, tinaboola chidebe pansi. Chidebe chikadzaza kagudumu kamazungulira mwamphamvu, madzi akatsika kamafooka mpaka kuima. Mphatso anangoti, "Ooo, ndiye Kariba ali ndi ludzu."

Tsopano Tiya akulemba nthano za ambuya m'kope lina, m'Chichewa. Zafika 14. Akalemba amawawerengera, iwo n'kumakonza: "Iyayi, sindinatero ine, Fisi sanathawe, anachita kuzemba." Mayi amene sanapite patali ndi sukulu ndi amene akumuphunzitsa mdzukulu wawo kusankha liwu. Ndikamaona awiriwo atagundanitsa mitu pa kanyale ka sola, kutopa konse kumachoka.

Tina ting'onoting'ono: kusadzutsa ana 5 koloko kuti tipewe mzere wa magalimoto pa Great East Road, mabuku akale amene ndimatola kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni, ndi nsolo imene anakumba pansi pa mtengo wa mango. Ndalemba zambiri, pepani. Inunso tiuzeni zanu.

Amake Yankho (Kabwata):
Amake Tiya, mwandiliza. Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno tinabwera ndi ntchito ya abambo a kunyumba. Mayi anga anamwalira Yankho ali wakhanda ndipo nthano zawo zinapita nawo. Ndimakumbuka zidutswa zokha, nyimbo ya pakati ndaiwala. Chonde kopelo mulisunge ngati ndalama. Ndipo muwajambule mawu pafoni akamaimba, chifukwa kope silisunga kaimbidwe.

Amake Tiyamike (Chelstone):
Zoona asisi, za kujambula sindinaziganize. Mawa lomwe ndiyamba. Ndiyambe ndawapempha kaye, chifukwa foni ikawaloza amauma pakamwa.

Naphiri (Chilenje):
Muiike pansi pa chitenje asaione, haha. Ayi ndikuseka, apempheni ndithu, akulu safuna kuberedwa mawu. Ine wanga ndi mmodzi, wa zaka 8, ndipo chimene chikundikomera panopa ndi kuphika naye. Vitumbuwa ndiye masamu athu. Makapu atatu a fulawa atulutsa vitumbuwa zingati, nanga alendo akabwera tiwirikiza bwanji. Dzulo anasinja yekha nsinjiro za chibwabwa, manja anatupa koma sanalole kuti ndimulandire munsi.

Aphunzitsi Opuma (Libala):
Ana anga, ndawerenga zonse mofatsa. Ine ndagwira choko zaka 31, kuyambira ku Chadiza mpaka kuno ku Lusaka. Amake Tiyamike, zimene mukuchita ndi kope la msika ndi uphunzitsi weniweni, ndipo ndakondwa. Koma mundilole ndinene zimene zikundidetsa nkhawa, poti ndine kholo lanu.

Choyamba, mwana amaphunziranso kwa ana anzake. Kudikira nthawi yake, kulandidwa pensulo n'kudziwa chochita, kuluza mpira osalira, kumvera munthu wamkulu amene si mayi ake. Zimenezi pamphasa ya kunyumba sizipezeka mokwanira. Ndaonapo ana anzeru kwambiri m'buku koma akalowa pagulu amangokakamira khoma.

Chachiwiri ndi dongosolo. Nthano ndi dimba n'zabwino, koma pali zinthu zimene mwana sangazifunse yekha chifukwa sadziwa kuti ziliko. Mayi amene sakonda sayansi amaizemba osadziwa kuti akuizemba. Kodi muli ndi silabasi? Mukudziwa kuti maphunziro asintha kuyambira 2025, pulayimale izithera Giredi 6 ndipo Giredi 8 yasanduka Fomu 1? Nanga mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso m'dziko muno, mwana adzalembera kuti? Musadikire chaka cha mayeso. Pitani ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'dera lanu, mukafunse bwinobwino, mubwere ndi yankho lolembedwa.

Atate ake Dalitso (Matero):
Ine ndilankhule mosabisa. Zimenezi n'za anthu amene zinthu zili bwino. Akazi anga amadzuka 4 koloko kukapikula ndiwo, ine ndimakhala pagalaja mpaka mdima. Angakhale ndi ana ndani? Boma linachotsa fizi mu 2022, kwa ife chimenecho chinali chipulumutso. Ana anga atatu onse ali pasukulu ya boma ndipo sindichita nazo manyazi.

Amake Tiyamike (Chelstone):
Atate ake Dalitso, palibe chochititsa manyazi ngakhale pang'ono, ndipo ngati mawu anga amveka ngati ndikunyoza sukulu, mundikhululukire. Maphunziro aulere abweza kusukulu ana ambiri amene anali atakhala pakhomo, ena ndi a abale anga enieni kumudzi. Ifenso si olemera. Nyumba ndi ya lendi. Ndinasiya ntchito ya m'shopu m'tauni, ndipo ndalama ija timaisowa mwezi uliwonse. Panopa ndimasoka pakhomo, makamaka mayunifolomu a ana a anthu ena, masana ana akamapuma ndi usiku magetsi akakhalapo. Mabuku ndimagula ndikalandira chilimba, ndalama zimene timasonkherana mosinthana. Nyama timadya Lamlungu lokha. Ndipo masiku ena ndi olemetsa zedi: Kondwani akudwala, kasitomala akufuna diresi lake, Mphatso wakana kugwira pensulo. Pali tsiku lina ndinalowa kuchipinda n'kulira, ambuya ndi amene anatenga ana kupita nawo panja. Popanda iwo ndi atate a ana, sindikanatha.

Amama Aphunzitsi, zikomo, mawu anu ndawalandira ndi manja awiri. Silabasi ndili nayo, anandipatsa mlamu wanga amene amaphunzitsa ku Chongwe, ndipo temu ikamatha amabwera kudzawayesa ana popanda ine m'chipindamo. Pa sayansi mwalasa penipeni. Ine ndimakonda zilankhulo ndi masamu, ndipo mlamu anandiuza temu yatha kuti Tiya watsalira pa za thupi la munthu. Tikukonza. Ku DEBS sindinapite, ndakhala ndikuzengereza. Ndipita sabata ino ndipo ndidzakuuzani zimene akandiuze.

Za anzawo, masana aliwonse ana a mumzere wathu akaweruka amadzaza pabwalo pathu chifukwa cha nsolo ija ndi chiyato. Amapita ku Sande sukulu, Tiya ali m'kwaya ya ana. Koma ndikuvomera kuti sizifanana ndi kalasi. Mphatso ndi wamanyazi ndipo ndimamuganizira.

Aphunzitsi Opuma (Libala):
Mwayankha bwino mwana wanga. Mphatsoyo muzimutuma. Pakantemba, kwa aneba, kukapereka uthenga kwa abusa. Apite yekha, alankhule yekha, abwere ndi yankho. Manyazi amatha ndi kutumidwa.

Atate ake Dalitso (Matero):
Ndamva amayi, sindinalankhule mokwiya. Kope la msikalo ndiye ndalitenga. Dalitso Loweruka amakhala pa tebulo la amake kumsika, azilemba zimene zagulitsidwa. Koma funso langa lina ndi ili: bwanji mukutaya nthawi ndi Chichewa? Mayeso ndi a Chingerezi, ntchito ndi ya Chingerezi. Chinyanja mwana amatola yekha mumsewu.

Amake Yankho (Kabwata):
Chimene amatola mumsewu ndi china, bambo. Ine nditangofika kuno ndinkasokonezeka: "manje", "vintu", "nifuna", "ukamba chani". N'chokoma ndipo ndachizolowera, Yankho ndiye amachilankhula ngati wobadwira m'Kabwata momwemo. Koma tikapita ku Dedza agogo ake aamuna akamuuza mwambi amangoti kakasi, ine n'kumamasulira ngati ndabwera ndi mlendo.

Aphunzitsi Opuma (Libala):
Apa ndiye ndilowererepo, chifukwa ndi ntchito imene ndakalamba nayo. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira m'zilankhulo zathu, kuno ku Lusaka ndi ku Eastern chinali Chinyanja. Makolo ambiri ankadandaula ngati inu, Atate ake Dalitso. Koma zimene ndinaona ndi maso anga ndi izi: chilankhulo chathu chimalembedwa mmene chimamvekera. Mwana akadziwa a, e, i, o, u, n'kudziwa ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, pakangopita masabata ochepa amawerenga yekha "amama", "mbale", "nyumba". Amazindikira kuti zilembo ndi mawu amene ali kale m'kamwa mwake. Chingerezi sichitero, chilembo chimodzi chimamveka mitundumitundu, ndiye mwana amene wayambira kumeneko amathawira kuloweza, ngati mmene ankachitira Tiyamike. Amene wadziwa kuwerenga m'chilankhulo chake amawoloka kupita ku Chingerezi ali ndi ndodo m'manja. Vuto limene tinali nalo m'tauni muno ndi loti Chinyanja cha m'buku ndi cha ku Chipata ndi ku Katete, pamene mwana wa ku Matero kunyumba amalankhula cha m'tauni kapena Chibemba. Ndiye nayenso ankaona ngati chachilendo.

Amake Tiyamike (Chelstone):
Ndi mmene zinayendera kwa ife ndendende. Ndinasiya kaye mabuku a Chingerezi mwezi wathunthu, tinayamba ndi ba be bi. Tsiku limene Tiya anawerenga yekha vesi m'Baibulo la Chichewa la ambuya ake, anawerenga pang'onopang'ono chala chili pamzere, atamaliza anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Amama, ndamva zimene akunena." Ambuya anaimba nthungululu usiku, aneba mpaka anatuluka. Lero Chingerezi amawerenga bwino, mabuku a nkhani amamaliza m'masiku atatu. Sitinachitaye Chingerezi ayi, m'mawa uliwonse chili ndi ola lake.

Ndipo mu Ogasiti tinapita nawo ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete. Tiya anaona mafumu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique akubwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, anaona Gule Wamkulu ali chogwira chitenje changa. Pobwerera m'basi, tisanafike n'komwe pa Luangwa Bridge, Tiya anati, "Ndiye anthu onse aja amalankhula ngati ambuya?" Iye ankayesa kuti ndi chilankhulo cha m'nyumba mwathu mokha.

Atate ake Dalitso (Matero):
Hmm. Wanga wachiwiri ali Giredi 3 ndipo kuwerenga kukumuvuta. Amama Aphunzitsi, ba be bi ameneyu ndingayambe naye ine madzulo, ngakhale mphindi zochepa?

Aphunzitsi Opuma (Libala):
Mphindi 15 zokha tsiku lililonse, osaposa, ndipo osamukalipira. Dulani katoni, lembani syllable imodzi pa kachidutswa kalikonse ndi makala kapena cholembera chachikulu. Azilumikiza yekha: "ga" ndi "li" ndi "mo" ndi "to". Poti ndinu a pagalaja yambani ndi mawu a pagalaja pomwepo. Pakatha mwezi mudzandiuze.

Amake Taonga (Kalingalinga):
Ine ndangolowa mwezi uno, ndimangowerenga mwakachetechete. Ndili ndi wa zaka 6 ndi khanda la miyezi 9. Funso langa ndi la kamwanako Kondwani. Mumatani naye pamene mukuphunzitsa akuluwo? Wanga akangoona buku amafuna kulidya.

Amake Tiyamike (Chelstone):
Takulandirani Amake Taonga. Ali wakhanda ndinkaphunzitsa ali kumbuyo, ndipo zovuta monga masamu tinkachita iye akagona. Panopa ali ndi beseni lake la zitsekerero za mabotolo ndi nyemba zikuluzikulu, amasankha mitundu, koma pokhapokha ambuya ali pafupi kuti asaike m'kamwa kapena m'mphuno. Wanu wa miyezi 9 musamupatse tinthu ting'onoting'ono, mupatseni chikho ndi mthiko aziimba ng'oma. Ndipo musadzipanikize. Wa zaka 6 ola limodzi ndi theka patsiku lamukwanira, zotsalazo aphunzira akukuthandizani kusankha nyemba.

Naphiri (Chilenje):
Amayi, poti nkhani ya anzawo yatuluka, bwanji tizikumana kamodzi pamwezi? Kuno kwathu kuli Chilenje House 394, nyumba imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, nthawi yomenyera ufulu. Ine ndimadutsapo tsiku ndi tsiku koma ndinalowamo koyamba mwezi watha, pokonzekera 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia. Mwana wanga anadabwa kuchepa kwa nyumbayo. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Pulezidenti ankagona muno?" Land Rover imene ankayendera ilinso pomwepo. Kuchoka apo anafuna kudziwa zonse za 1964, mpaka tinajambula mbendera ndi nkhwazi yake. Tikhoza kuyambira kumeneko, kenako kudzadya kwathu, pabwalo ndi pachikulu.

Amake Yankho (Kabwata):
Ine ndabwera kale. Ulendo wotsatira tidzapite ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, ndi pafupi ndi kwathu, ana akaone osema ziboliboli akugwira ntchito. Ndipo tikasonkha ya mafuta tingadzafike ku Lusaka National Park kukaona chipembere ndi ana a njovu amasiye. Yankho amapita kusukulu, ndiye likhale Loweruka.

Atate ake Dalitso (Matero):
Ngati a sukulu za boma tikuloledwa, Dalitso ndi mng'ono wake ndiwabweretsa ndekha. Ndipempha bwana andimasule m'mawa.

Naphiri (Chilenje):
Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambo. Bwerani nawo.

Aphunzitsi Opuma (Libala):
Libala ndi Chilenje ndi khomo ndi khomo, ndibwera ndi ndodo yanga. Ndikufuna ndimuone Mphatso ndi maso, ndipo Tiyamike abwere ndi kope la nthano andiwerengere imodzi. Amake Tiya, apongozi anuwo musawasiye.

Amake Tiyamike (Chelstone):
Ndawauza pompano, ali apa akusenda mtedza. Akuti abwera, koma wina awapezere mpando wa msana chifukwa pamphasa ya eni sakhalitsa. Akutinso ndikupatseni chilape choti mugone nacho, ndiye ndikupatsani ziwiri. Chawo: nyumba ya amayi yopanda khomo. Chinacho anapeka Mphatso sabata yatha: mlendo wathu amabwera osaodira, amachoka osatsanzika.

Amake Yankho (Kabwata):
Choyambacho ndi dzira, chimenecho mayi anga ankachinena! Chachiwiri chandigonjetsa. Mvula?

Amake Taonga (Kalingalinga):
Khoswe?

Atate ake Dalitso (Matero):
Ndi magetsi amenewo. Mwanayo muuzeni kuti amalume a ku Matero amubweretsera fanta Loweruka.

Amake Tiyamike (Chelstone):
Mwalasa bambo! Ndimuuza akadzuka, adzavina. Ndipo mlendo wakeyo wangofika kumene, ndiye ndithamangire pa makina, ndili ndi masiketi anayi ofunika mawa. Naphiri, mutiuze nthawi. Amake Taonga, ndidzakutengerani mbewu za chibwabwa za ku Katete ndi thumba limodzi lothira kale dothi, mudzangobwera ndi chonyamulira.

Naphiri (Chilenje):
9 koloko pageti la nyumbayo, Loweruka la sabata ya mawa. Aliyense atenge madzi akumwa ndi ambulera. Nsima ndi ndiwo zamasamba ndi zanga, wina abwere ndi kapenta.